Alendo a kwa Mavwere ndi Mtendere wa ku Mozambique

Pa nthawi ya nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira kuno ku Malawi. Ena, ochokera ku Tete, anafikira m'boma la Mchinji, m'madera a m'malire monga kwa Mavwere. Kubwerera kwawo kunadalira zokambirana zochitikira kutali ndithu.

Pa 4 Okutobala 1992, Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anasainirana pangano la mtendere ku Rome. Komatu pangano ndi pepala chabe. Ku Angola, chisankho cha chaka chomwecho chinabala nkhondo ina chifukwa asilikali anali asanatule zida. Potengerapo phunziro, bungwe la United Nations linatumiza Aldo Ajello ku Maputo. Iyeyu ankakumana pafupipafupi ndi akazembe a mayiko opereka thandizo kuti onse aziyankhula chimodzi. Chisankho chinachedwetsedwa ndi chaka chathunthu kuti asilikali ayambe atula zida. Mayikowo, makamaka Italy, anasonkhanso ndalama zoti Renamo isanduke chipani cha ndale. Ena ankati kumeneko kunali kugula mtendere, koma mtengo wake unali wochepa pouyerekeza ndi wa maliro.

Phindu la umodzi wa akazembewo linaoneka pamene Dhlakama ananyanyala chisankho kutangotsala maola ochepa. Anamunyengerera mpaka anavota pa 28 Okutobala 1994, ndipo masiku ovotera anawonjezedwa kukhala atatu. Chissano anapambana ndi mavoti 53 pa 100 alionse. Pofika 1995, mothandizidwa ndi UNHCR, ambiri mwa alendo aja anali atawoloka malire kukalima minda yawo.