Mmene Tingadziwire Mapilisi Abwino a Ayironi, Zinki ndi Kashiamu

Masiku ano mapilisi owonjezera mphamvu m'thupi akugulitsidwa paliponse: m'misika, pa WhatsApp, ngakhale pakhomo la chalichi tikaweruka mapemphero. Wogulitsa angakhale m'bale wathu wa mtima wabwino, koma ubwino wa mapilisi sudziwika ndi mtengo wake kapena umboni wa mnansi. Umadziwika ndi zolembedwa pa botolo.

Coyamba, tione kumene acokera. Bungwe la ZAMRA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2013, ndilo liyang'anira mankhwala ndi zowonjezera zotere muno m'Zambia. Tigule ku famase yokhala ndi laisensi. Botolo likhale losatsegulidwa, ndipo pakhale dzina la kampani, nambala ya gulu limene anapangidwira pamodzi ndi tsiku lothera mphamvu. Mapilisi a m'kapepala kopanda dzina tiwakane.

Caciwiri, tiwerenge kuculuka kwa cinthu ceniceni cimene thupi lifuna. Apa ndi pamene ambiri timasokonezeka. Pilisi la ferrous sulphate la 200 mg lili ndi ayironi wokwana pafupifupi 65 mg cabe. Pilisi la calcium carbonate la 1,250 mg lipatsa kashiamu 500 mg. Kampani yoona mtima imalemba nambala yaciwiriyi, nthawi zambiri pafupi ndi liwu lakuti “elemental”. Ngati palibe, sitingadziwe cimene tikumwa.

Cacitatu, tifunse ngati muyezowo uyenerana ndi womwayo. Mayi wapakati afunika ayironi 30 mpaka 60 mg tsiku lililonse pamodzi ndi folic acid, ndipo amalandira ku sikelo. Mwana wotsegula m'mimba amapatsidwa zinki 20 mg kwa masiku 10 mpaka 14 pamodzi ndi ORS; wosakwana miyezi 6 amalandira 10 mg. Ayironi sitimwera tiyi kapena mkaka, cifukwa zimenezi zimalepheretsa thupi kumulandira bwino.

Kupitirira muyezo kumavulaza. Mapilisi a ayironi angaphe mwana wamng'ono akawamwa ambiri, conco tiwasunge patali. Odwala sickle cell kapena impso ayambe afunsa dokotala. Tikamva kuti botolo limodzi licizira pamodzi shuga, BP ndi kusabereka, tidziwe kuti ni bodza, ndipo wina aliyense asaleke kumwa ma ARV cifukwa ca zotere.

Ngati tikumva kufooka, tiyambe tapimitsa magazi ku kiliniki. Nthawi zina ndalama ya botolo limodzi ingathandize banja lonse itagula kapenta, nyemba, nshawa ndi bondwe.