Akazi Awiri pa Msewu wa Kummwera

Ku Johannesburg, mbiri ya njinga yamoto imakonda kuyambira pa mpikisano wochokera ku Durban umene unayamba mu 1913 n'kutha mu 1936, ndipo mayina omveka mmenemo ndi a amuna. Komatu m'zaka zomwezo akazi awiri a ku England, Theresa Wallach ndi Florence Blenkiron, anachita zimene ambiri ankati n'zosatheka.

Ananyamuka ku London pa 11 Disembala 1934 pa njinga ya Panther ya 600cc, ili ndi ngolo yapambali ndi kalavani kumbuyo. Anadutsa chipululu cha Sahara. Injini itawonongeka, anakhala masabata angapo ku Agadez akudikira zipangizo zochokera kwawo. Anafika ku Cape Town pa 29 Julayi 1935. Blenkiron sanali mlendo pa chiwongolero: mu 1934 anali atathamanga kale liwiro loposa mamailosi 100 pa ola ku Brooklands, ndipo Wallach anachitanso chimodzimodzi mu 1939.

Kulimba mtima kwawo sindikukutsutsa ayi. Chimene chimandivutitsa n'chakuti kummwera komweko, kudzera ku Rhodesia, n'kumene amuna a ku Nyasaland ankalowera, ambiri wapansi, kukafuna ntchito ku Joni. Azungu awiriwa malire a atsamunda ankawatsegukira, pamene wa kwathu ankafunsidwa chitupa. Lipoti la komiti ya Travers Lacey la 1936 linadandaula za midzi yotsala ndi akazi ndi ana, amuna atatchona. Buku la Wallach, The Rugged Road, linatuluka mu 2001, mwini wake atamwalira mu 1999.