Mendulo ya wobwera

Mendulo yapamwamba kuposa zonse ya asilikali a Rhodesia, Grand Cross of Valour, inaperekedwa kwa anthu awiri okha. Woyamba kuilandira, mu 1978, anali Chris Schulenburg wa gulu la Selous Scouts, yemwe ankalowa m'tchire la ku Mozambique kukazonda misasa ya omenyera ufulu. Kulimba mtima kwake sindikukukana, ngakhale ankateteza boma la azungu ochepa lomwe linkapondereza anthu akuda. Chimene chimandiimitsa mutu n'chakuti munthuyu anali wobwera. Anabadwira ku South Africa, koma tsiku lomuveka mendulo zimenezo sizinamutchinge.

Pa ntchito yanga yomasulira, mawu akuti "wobwera" amandivuta, chifukwa m'mbiri ya Zimbabwe kulemera kwake kunkasintha malinga ndi khungu la munthu. M'migodi ya ku Midlands munadzaza obwera ena, ochokera ku Nyasaland, ena atayenda wapansi, ena pa malole a Ulere. Ankakumba golide ku Globe and Phoenix ku Kwekwe, chrome ku Shurugwi, asbestos ku Zvishavane. Anabweretsa gule wamkulu m'makomboni, eni dziko n'kuwatcha Mabhurandaya, kutanthauza a ku Blantyre, ngakhale munthu atachokera ku Dedza.

Mfuti za dzikolo anazinyamulanso. Boma litakhazikitsa Rhodesia Native Regiment mu 1916, ambiri olembedwa usilikali anali amuna ochokera kumpoto kwa Zambezi, ndipo anakamenyana ndi Majeremani ku East Africa. Nkhondo ya m'ma 1970 inalidi yapachiweniweni: anthu akuda anali mbali zonse, ena mu Rhodesian African Rifles, ena mu ZANLA ndi ZIPRA, ndipo ana a machona sinawalambalale.

Malipiro awo anabwera mu 2001. Lamulo latsopano linati aliyense amene angathe kukhala nzika ya dziko lina akane unzikawo pasanathe miyezi 6. Munthu wobadwira ku Shurugwi, amene sanaonepo nyanja ya Malawi, anauzidwa kuti akane dziko losalidziwa. Ambiri sanakwanitse, ndipo pa chisankho cha 2002 anawabweza pa mzere.

Malamulo oyendetsera dziko a 2013 anabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene kholo lawo linachokera m'maiko a SADC. Komabe zinatengera khoti lalikulu, mu 2017, kulamula kuti okhala ndi zitupa zolembedwa kuti "alien" aloledwe kulembetsa m'kaundula wa voti.