Kusindikiza, kudinda, kuprinta: mbiri ya mawu atatu m'maofesi a minda ya tiyi ku Thyolo

Tayesani kulembera mnzanu malangizo m'Chichewa a momwe angalumikizire printa ku laputopu. Simufika patali musanaime. Chingwe walowetsa, makina ayaka, ndiye pomaliza mumuuza kuti atani: asindikize, adinde, kapena aprinte? Aphunzitsi ambiri a Chichewa angasankhe liwu loyambalo, n'kunena kuti lachitatulo ndi Chingerezi chovekedwa chitenje basi. Mfundo yanga m'nkhani ino ndi yakuti mawu atatuwa safanana, ndipo kusiyana kwawo kudachokera m'mbiri. Lililonse lidalowera pakhomo lakelake, panthawi yakeyake, ndipo mpaka lero lidakali ndi fungo la pakhomopo. Malo abwino oonerapo zimenezi ndi Thyolo, chifukwa m'dera limodzi lomweli mudakumana nyumba yosindikizira mabuku ya mishoni, ofesi ya boma la atsamunda ndi maofesi a minda ya tiyi.

Kusindikiza: liwu la kumishoni

Makina osindikizira adafika m'dziko muno ndi amishoni. Mishoni ya Blantyre, ya Church of Scotland, idayamba mu 1876, ndipo pofika mu 1888 inkatulutsa magazini yakeyake yotchedwa Life and Work, yosindikizidwa pamishoni pomwepo. David Clement Scott, yemwe ankatsogolera mishoniyi, adatulutsa mtanthauziramawu wake wa Chimang'anja mu 1892. Amishoniwo ndi Amang'anja omwe ankagwira nawo ntchito adafunika mneni wa ntchito yatsopanoyi, ndipo sadaupeke. Adatenga mneni yemwe adalipo kale, wotanthauza kupanikiza chinthu pa chinzake kuti chisiyepo chizindikiro. Tanthauzo lakalelo mukhoza kuliona m'Buku Lopatulika la mu 1922, momwe mneni yemweyu akugwira ntchito pokamba za buku lomatidwa ndi zizindikiro m'Chivumbulutso.

Kusankhaku kudali kolondola, poti makina a nthawiyo ankachitadi zomwezo. Munthu ankasanja zilembo zachitsulo chimodzichimodzi, kuzipaka inki, kenako n'kupanikiza pepala pamwamba pake. Anzathu olankhula Chitumbuka adayenda njira yomweyo ndi liwu lawo la kusindikizga. Kiswahili chidapita kwina ndi kuchapisha, liwu lomwe m'khutu mwa Mchewa limamveka ngati kupereka zovala kwa wochapa.

Ku Thyolo ntchitoyi idafika kudzera ku Malamulo, kufupi ndi Makwasa. Malowa adayamba ngati Plainfield Mission ya Joseph Booth, mpingo wa Seventh-day Adventist udawagula mu 1902, ndipo dzina la Malamulo lidaperekedwa mu 1907. Nyumba yake yosindikizira mabuku idakhazikitsidwa mu 1926. Zotuluka m'nyumba zotere zidali mabuku a nyimbo, a sukulu ndi a chiphunzitso, makope ambirimbiri opita kwa anthu osadziwana ndi wolemba. N'chifukwa chake mpaka lero tikati buku lasindikizidwa sitikutanthauza kuti inki yagwera papepala kokha. Tikutanthauza kuti latuluka, lili pamsika, aliyense akhoza kuliwerenga. Kusindikiza ndi liwu la pagulu.

Kudinda: liwu la ulamuliro

Panthawi yomwe Malamulo inkakula, minda ya tiyi nayo inkafalikira mozungulira. Tiyi adayamba kulimidwa pamalonda ku Mulanje m'zaka za m'ma 1890, ndipo ku Thyolo adabzalidwa koyamba mu 1908 ku Bandanga. Satemwa, yomwe Maclean Kay adayiyambitsa mu 1923, ndi umodzi mwa minda yomwe idakula m'zaka zotsatirazo, pamodzi ndi ya Conforzi ndi Naming'omba. Ogwira ntchito ambiri adali Alomwe ochokera ku Mozambique, omwe ankapatsidwa malo okhala pa esiteti posinthana ndi ntchito ya thangata.

Anthu amenewa pepala adakumana nalo mosiyana kwambiri ndi mwana wa sukulu ya mishoni. Kwa iwo pepala lidali chiphaso cha msonkho, tikiti yowerengera masiku a ntchito, ndi buku la mayina lomwe eni minda ankalitcha check roll. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 boma linkadula msonkho ndi theka kwa munthu yemwe wagwira ntchito mwezi wathunthu kwa mzungu, ndipo umboni wake udali kapepala. Lamulo la mu 1928 lokhudza anthu okhala m'minda ya azungu lidalola eni minda kusamutsa gawo limodzi mwa magawo khumi a anthuwo pakatha zaka zisanu zilizonse, ndipo kusamutsako kunkabweranso ndi kalata. Thangata adathetsedwa ndi lamulo mu 1962, koma mawu a muofesimo adatsala.

Taonani komwe mawuwo adachokera. Kalata ndi kapitawo ndi a Chipwitikizi, carta ndi capitão. Kalaliki, tikiti, sikelo ndi ofesi ndi a Chingerezi. Pakati pa alendo onsewa pali mneni wathuwathu, kudinda. Kalaliki ankadinda chiphaso ndi chidindo, ndipo wosadziwa kulemba ankadinda chala polandira malipiro. Pepala lodindidwa linkatha kukupulumutsa kwa mesenjala wa msonkho, kapena kukuchotsa pamalo pomwe makolo ako adaikidwa. Motero kudinda kudatenga tanthauzo la kuvomereza mwaulamuliro. Lero kalata ya kwa amfumu yopanda chidindo ndi pepala wamba. Timati boma ladinda ndalama zatsopano, ndipo timadindanso malaya a chipani kapena a kwaya, poti m'zonsezi chizindikiro cha mwini ndicho chofunika. M'Chishona, kudhinda kudakula mpaka kukhala liwu la ntchito yotulutsa mabuku. Kwathu kuno malo amenewo adali atatengedwa kale ndi liwu la kumishoni, ndiye kudinda kudatsalira pa chidindo, chala ndi chizindikiro.

Kutaipa, ndi kachipewa kamene kadasowa

Pakati pa chidindo ndi kompyuta padadutsa taipi. Awa ndiwo makina oyamba omwe adalola munthu mmodzi muofesi kutulutsa zilembo zooneka ngati za m'buku, kope limodzi kapena atatu ngati waikapo kaboni. Chochititsa chidwi n'chakuti makalaliki sadanene kuti akusindikiza kalata. Adabwereka mneni, nati akutaipa. Zikuoneka kuti m'maganizo mwawo kalata imodzi yopita kwa manijala sinkakwana m'liwu lalikulu lija la mabuku. Kumbukirani mfundo imeneyi, chifukwa ibweranso pa printa.

Makinawa adakhudzanso kalembedwe. Mataipi ambiri adapangidwira Chingerezi, ndipo chilembo cha ŵ, chomwe chili m'dzina la Malaŵi, chidalibe batani lake. Wotaipa ankayenera kubwerera m'mbuyo kuti aike kachipewako, kapena kukalemba ndi cholembera, kapena kungokasiya. Ambiri ankakasiya. Sindikunena kuti taipi yokha ndiyo idapha ŵ, poti palinso nkhani ya kusiyana kwa katchulidwe m'zigawo ndi malamulo a kalembedwe omwe Chichewa Board idatulutsa mu 1973 n'kuwakonzanso mu 1980 ndi mu 1990. Koma chilembo chovuta kutaipa chimafooka msanga. Buku Loyera la mu 1998 lidachisunga, nyuzipepala zambiri sizichilemba. Lero ŵ ali mu Unicode, pomwe Chiwelishi nachonso chimamugwiritsa ntchito, moti laputopu iliyonse ikhoza kumulemba. Komabe mukasankha mtundu wa zilembo umene mulibe iyeyu, printa ikhoza kukutulutsirani kabokosi m'malo mwake. Ngakhale dzina la bomali lidadutsa m'manja mwa olemba: m'makalata a atsamunda ndi Cholo, ndipo kalembedwe ka Thyolo kadakhazikika ufulu utabwera.

Kuprinta: mlendo yemwe adalowa m'banja

Makompyuta atayamba kulowa m'maofesi owerengera malipiro, printa yodziwika idali ya dot matrix, yaphokoso ija, yomwe imamenya riboni ndi timisomali n'kumakoka pepala lalitali la zibowo m'mbali. Inkalumikizidwa ndi chingwe chonenepa cha parallel port, chomangidwa ndi tizomangira. USB idatuluka mu 1996, ndipo pang'onopang'ono malaputopu adasiya kubwera ndi pobayira pakale paja. Masiku ano njira ndi ziwiri. Yoyamba ndi chingwe cha USB, mutu wake wophwatalala ku laputopu, wa ngodya zinayi ku printa. Yachiwiri ndi Wi-Fi, makina onse awiri akakhala pa netiweki imodzi. Panjira zonsezi laputopu imafuna kapulogalamu komasulira zomwe zili pa sikirini kuti printa imve, ndipo dzina lake ndi driver.

Tsopano tamverani zomwe anthu amanena ntchitoyi ikavuta. "Laputopu sikuyiona printa." "Yakana." "Madalaivala ake palibe, akufunika kuinstola." "Pepala ladyedwa." Chiganizo chilichonse apa ndi Chichewa chenicheni m'mafupa ake. Printa idalowa m'gulu la mayina la I-Zi pa umodzi, n'chifukwa chake timati printa yafa, printa yanga, koma pochulukitsa imatenga ma-, maprinta, monga momwe amachitira mayina ambiri obwereka. Dalaivala wa lole yonyamula masamba a tiyi ndi munthu, ndiye timati wabwera. Wa printa ndi chinthu, ndipo kawirikawiri mumamva anthu akuti dalaivala yake. Liwu ndi limodzi, koma mgwirizano ukusiyanitsa munthu ndi pulogalamu popanda wina kukhala pansi kupanga lamulo.

Mneni nayenso adalandira zonse zomwe mneni wa Chichewa amalandira. Pali kuprintira, "ndiprintireniko kalatayi, achimwene". Pali kuprintitsa, komwe ndi kupita nayo kusitolo ya mafotokope pa Thyolo boma kapena ku Luchenza n'kulipira. Pali kuprintidwa, komanso kuprintika, "fayilo iyi sikuprintika". Liwu lomwe lafika pamenepa si mlendonso ayi. Lalowa m'banja, likudya nawo m'mbale imodzi.

Vuto latsala pa kalembedwe. Maphatikizo a Chichewa salola p ndi r kugundana, ndiye mkamwa mwa anthu ambiri mumalowa lawali pakati, monga zidachitikira pa sukulu, buledi ndi sitolo. Mukaika u, lamulo la l ndi r likuti mulembe pulinta, poti r amabwera pambuyo pa e kapena i. Mukaika i, mulemba pirinta. Achinyamata odziwa Chingerezi amatchula pr mosadula, ndipo ine ndalemba printa potsata iwowo. Kalembedwe katatu konseka mukapeza pa zikwangwani, ndipo ndi ntchito ya Centre for Language Studies, yomwe idalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996, kudzatithandiza kusankha.

Pa kulumikiza nkhani ndi yosiyana. Apa liwu lathu lidakwana bwino lomwe, popeza tinkalumikiza kale zingwe, mapaipi ndi mawaya a magetsi. Kukonekita kumamveka ndithu, makamaka pa Wi-Fi pomwe palibe chogwirika, koma sikudathe kulanda malo. Izi zikutiphunzitsa kuti anthu sabwereka mwachisawawa. Amabwereka pomwe liwu lakale lili ndi katundu wina pamutu.

Chifukwa chake nkhaniyi si ya m'kalasi mokha

Lamulo la ntchito la mu 2000 limafuna kuti wolembedwa ntchito azilandira chikalata chofotokoza malipiro ake ndi zomwe zadulidwa. Mu 2016, Tea Association of Malawi ndi bungwe la ogwira ntchito m'minda la PAWU adasayinirana mgwirizano wawo woyamba wa malipiro. Mayi wothyola tiyi akafuna kudziwa ngati makilogalamu ake awerengedwa bwino, umboni wake ndi kapepala kotuluka m'printa ya muofesi. Kwa iyeyu mawu atatu aja ndi zinthu zitatu zosiyana. Mgwirizano ukasindikizidwa, ndiye kuti wafalitsidwa kuti onse auone. Kapepala kake kakaprintidwa, ndiye kuti katuluka m'makina, basi. Kakadindidwa, ndiye kuti ofesi yavomereza kuti ndi kake ndipo singakakane mawa. Womasulira chikalata cha bungwe kapena malangizo a muofesi akasakaniza zitatuzi pofuna Chichewa choyera, akhoza kuuza munthu kuti pepala lake lili ndi mphamvu yomwe lilibe.

Ndiye kwa inu omwe mudzalembe malangizo aja, nali langizo langa. Lembani kuti: yatsani printa, lumikizani chingwe cha USB ku laputopu, dikirani kuti laputopu iyione, ikapanda kuyiona ikani dalaivala yake, kenako printani tsamba limodzi loyesera. Patsamba loyeseralo mulembepo Malaŵi ndi Naming'omba, kuti muone ngati ŵ ndi ng' atuluka bwino. Kusindikiza kusungireni mabuku ndi nyuzipepala, ndipo kudinda kusiyireni yemwe ali ndi chidindo.