Anapereka Kwaulere, Anangopempha Dzina: Mbiri ya Laisensi ya BSD

Caka catha ndinalemba manotsi a Computer Studies a ana a Giredi 9, masamba 40, ndipo ndinawatumiza pa WhatsApp kwaulere. Patapita miyezi iwiri, mtsikana wina wa m'kalasi mwanga anabwera ndi kabuku kamene anagula pa kashopu ka fotokope kumsika. Anali manotsi anga omwe aja. Ngakhale liu limene ndinalemba molakwa pa tsamba 12 linali momwemo. Cimene cinasowa ndi dzina langa cabe, pacikuto panali dzina la munthu wina. Ataona nkhope yanga, mwanayo anafunsa kuti: "Manje ba ticha, mwakalipila cani? Si munapasa mahala?"

Tsiku limenelo sindinamuyankhe bwino. Yankho lake lili m'mbiri ya makompyuta, ndipo umboni wake uli m'thumba mwanu. Tengani foni yanu ya Android, kaya ndi Tecno, itel kapena Samsung. Lowani mu Settings, funani About phone, ndiyeno Legal information, ndi kutsegula pamene pali malaisensi. Mudzapeza maina ambirimbiri amene palibe amawawerenga. Limodzi limabwerabwera: The Regents of the University of California. Kodi dzina la yunivesite ya ku America lifika bwanji m'foni ya munthu wa ku Kanyama kapena ku Chawama?

Nkhani iyambira mu 1969 ku Bell Labs, malo ofufuzira a kampani ya matelefoni ya AT&T. Kumeneko Ken Thompson ndi Dennis Ritchie anapanga Unix, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta yonse. Panthawiyo boma la America silinali kulola AT&T kucita malonda ena kupatula a matelefoni, conco kampaniyo inali kupereka Unix ku mayunivesite pa mtengo wocepa, pamodzi ndi source code yake. Source code ndi malangizo amene munthu amalemba kuti kompyuta iwatsatire. Ukakhala nayo, ungathe kuona mmene pulogalamu inapangidwira ndi kuisintha.

Yunivesite ya California ku Berkeley inalandira Unix mu 1974. Ophunzira ndi aphunzitsi anayamba kuikonza ndi kuonjezerapo zao. Mu 1978 wophunzira wina, Bill Joy, anasonkhanitsa zimene analemba ndi kuyamba kuzitumiza kwa ena pa matepi. Anazicha Berkeley Software Distribution, mwacidule BSD. Koma mu 1984 AT&T inagawidwa, ndipo inakhala ndi ufulu wogulitsa Unix. Mtengo wa laisensi unakwera kwambiri, ndipo aliyense wofuna BSD yathunthu anafunika kulipira AT&T coyamba.

A ku Berkeley anasankha njira yovuta. Keith Bostic anapempha anthu odzipereka kuti alembenso, fayilo imodziimodzi, zonse zimene zinacokera ku AT&T. Mu June 1991 anatulutsa Net/2, imene inali pafupifupi pulogalamu yathunthu, kungotsala mafayilo 6. Laisensi yake inali yaifupi. Inalola aliyense kukopa, kusintha, ngakhale kugulitsa, malinga atsatire mfundo 4. Yoyamba: usacotse cizindikiro ca copyright mu source code. Yaciwiri: ukagawa pulogalamu yomalizidwa, ika cizindikiro cimeneco m'mapepala ake. Yacitatu: pa cilengezo ciliconse ca malonda cochula zimene pulogalamuyo imacita, unene kuti muli nchito ya Yunivesite ya California ndi anthu amene anaithandiza. Yacinai: usagwiritse nchito dzina la yunivesite ngati kuti ikuvomereza katundu wako. Mfundo zonse 4 zikamba za dzina, palibe yochula ndalama.

Kampani yatsopano ya BSDi inatenga Net/2, inalemba mafayilo otsala aja, ndi kuyamba kuigulitsa pa madola 995. Mu 1992 Unix System Laboratories, nthambi ya AT&T imene inali kusamalira Unix, inasumira BSDi ku khoti ku New Jersey, kenaka inaphatikizanso yunivesite. Inati onsewo anaba nchito yake. Mu 1993 woweruza Dickinson Debevoise anakana kuletsa BSDi kugulitsa. Cimodzi mwa zifukwa zake cinali cakuti AT&T inagawa Unix ina yakale, yochedwa 32V, kwa anthu ambiri popanda kuikapo cizindikiro ca copyright, cimene lamulo la nthawiyo linali kufuna.

Ndiyeno zinthu zinatembenuka. Yunivesite nayonso inasuma ku khoti ya ku California. Inati mu Unix imene kampaniyo inali kugulitsa munali nchito yambiri ya ku Berkeley, koma Berkeley sanaichule monga mmene anapanganirana. Woloza mnzake cala anapezeka kuti nayenso manja ake ndi akuda. Caka comweco Novell inagula Unix System Laboratories, ndipo kuciyambi kwa 1994 mbali ziwirizi zinagwirizana. Pa mafayilo pafupifupi 18,000, atatu okha ndiwo anacotsedwa. Ena pafupifupi 70 anaikidwa cizindikiro ca kampani, koma anapitiriza kugawidwa kwaulere. Kampani nayo inavomera kuika dzina la yunivesite pamene linayenera kukhala.

Zaka ziwiri za mlandu zinaononga zambiri. Anthu anaopa kukhudza BSD, ndipo ambiri anapita ku Linux, imene Linus Torvalds anayamba mu 1991 ku Helsinki. Komabe pangano lochula dzina lija ndilo linapatsa yunivesite cida pamene inafunika kudziteteza.

Pambuyo pa mlandu, mfundo yacitatu inayamba kuvuta eni ake omwe. Aliyense amene anaonjezera kanthu anakopa laisensi ija, ndi kuikapo dzina lake m'malo mwa la yunivesite. Richard Stallman, amene anayambitsa Free Software Foundation, anawerenga ziganizo zotere 75 mu NetBSD ya mu 1997. Tonse tidziwa buku limene limayenda pamaliro m'komboni, mmene amalembamo aliyense amene waponya kandalama. Kulemba maina m'buku n'kwabwino. Koma bwanji ngati banja likanakakamizidwa kuwerenga maina onse 75 nthawi iliyonse pamene lichula malirowo? Mfundoyo inalinso kusemphana ndi GPL, laisensi ya Stallman imene imakaniza kuonjezera ziletso zatsopano, conco nchito za magulu awiriwa sizinali kusakanizika mosavuta.

Pa 22 July 1999, William Hoskins, mkulu wa ofesi ya malaisensi ku Berkeley, analemba kalata yocotsa mfundo yacitatu. NetBSD inasamukira ku laisensi ya mfundo ziwiri mu 2008. Lamulo lolengeza dzina pa malonda linatha, koma lamulo losunga dzina m'mafayilo ndi m'mapepala linatsala. N'cifukwa cake dzina lija lili m'foni mwanu: mbali ina ya Android inatengedwa ku BSD. Nchito ya BSD ilinso m'makompyuta a Apple ndi mu PlayStation 4.

Kufewetsa lamulo kuli ndi mtengo wake. Mu 2017 Andrew Tanenbaum, mphunzitsi wa pa yunivesite ku Amsterdam amene analemba MINIX, anamva kupyolera m'nkhani zofalitsidwa kuti Intel inaika pulogalamu yake m'kati mwa machipu a makompyuta ambirimbiri. MINIX ili ndi laisensi ya mtundu wa BSD, motero Intel sinalakwire lamulo posamuuza. M'kalata imene analembera kampaniyo poyera, sanapemphe ndalama. Anangoti zikanakhala bwino akanamudziwitsa, mwaulemu cabe.

Ine ndiona kuti a ku Berkeley anafika pa muyezo wabwino. Wopereka nchito yake kwaulere asamange olandira ndi malamulo ambiri, apo ayi mphatso ikhala katundu. Koma wolandira asacotse dzina. Kwa munthu wosalipidwa, dzina ndilo limam'pezera nchito mawa, ndiponso limauza wopeza colakwa kumene angapite kukafunsa. Inu amene mupanga mabiti m'tumastudiyo twa m'komboni, kapena muphunzira kulemba mapulogalamu pokopa za pa GitHub, tsegulani fayilo yochedwa LICENSE musanatenge kanthu. Nthawi zambiri ndi yaifupi kuposa tsamba limodzi.

Colakwa canga cinali ngati ca AT&T pa 32V: dzina ndinaliika pacikuto pokha, ndipo sindinalembe ciliconse cokhudza kukopa. Manotsi a caka cino ali ndi mizere iwiri pansi pa tsamba lililonse. Woyamba uli ndi dzina langa ndi caka. Waciwiri ukuti: kopani, gawani, gulitsani ngati mufuna, koma mizere iyi isacotsedwe. Mtsikana uja atauwerenga anaseka, nati: "Ba ticha, manje liu lija la pa peji 12 mwalikonza?" Ndinalikonza, ndipo popeza ndiye analipezanso, dzina lake ndinaliika pa tsamba lomaliza.