Mmene John Bunyan Anamangira Nthano Yake

Alipo abale ena pakati pathu amene amati nthano zonse ndi mabodza, zosayenera munthu wa mu Mpingo. Chikaiko chomwecho anakomana nacho John Bunyan, wokonza miphika ndi maketulo, amene anabadwira ku Elstow pafupi ndi Bedford, m'dziko la England, chaka cha 1628.

Mu 1660 anamponya m'ndende chifukwa cholalikira wopanda chilolezo, nakhalamo zaka 12. Buku lake lonena za ulendo wa Mkhristu, lotchedwa The Pilgrim's Progress, linatuluka mu 1678. Koma lisanatuluke abwenzi ake anagawikana, ena nati lisindikizidwe, ena nakana.

Tiyeni tione mamangidwe ake. Poyamba nkhani yonse anaiika m'loto, kuti owerenga asadodome pokomana ndi zimphona ndi ziwanda. Pamenepo anamsenzetsa Mkhristu katundu wolemera, nampatsa njira imodzi yopapatiza, yochokera ku Mudzi wa Chionongeko kufikira ku Mudzi wa Kumwamba. Njirayo ndiyo mzati wochirikiza nkhani yonse, pakuti owerenga adziwa nthawi zonse kumene munthuyo alinkupita, ndi chimene adzataya akapatuka.

Mlembi wosazolowera akadatsiriza pa Mtanda, pomwe katundu anagwa. Bunyan sanatero ai. Mayesero oposa anawaika kutsogolo. Pa msika wa Zachabe mnzake Wokhulupirika anaphedwa. Pambuyo pake Mkhristu ndi mnzake wina, Woyembekeza, anaona kuti njira yapweteka mapazi, napatukira m'dambo lofewa. Kumeneko chimphona chinawagwira, nichiwatsekera m'linga lake kuyambira Lachitatu m'mawa kufikira Loweruka usiku. Sanadze mngelo kudzawatsegulira. Mkhristu anangokumbukira mfungulo yotchedwa Lonjezo, imene inali pachifuwa pake masiku onsewo. Tsoka linachokera m'kusankha kwawo, ndipo chowapulumutsa anali nacho kale. Luso lalikulu lagona pamenepo.

Mu 1684 analemba gawo lachiwiri, la mkazi wa Mkhristu ndi ana ake aamuna 4 akuyenda njira yomweyo; ndipo mu 1688 anamwalira.

Tsono ife amene timasimbira ana nthano madzulo pamoto tisachite nazo manyazi, pakuti ngakhale mneneri Natani anamdzudzula Davide ndi fanizo. Koma tizimange bwino, chochitika chilichonse chibale chinzake. Nthano yomangika motero ana adzaikumbukira ife titapita.