Zithunzi Zoyenda ndi Phunziro la Cingelezi m'Cigwa ca Luangwa

Mwana wa kwa Luembe, m'cigwa ca Luangwa, wakhala pakati pa zinenero zitatu ciyambire sukulu m'dziko lace. Pakhomo amva Cinsenga kapena Ciambo, mabuku oyamba a mishoni anadza m'Cinyanja, ndipo mayeso otsegula khomo la nchito akhala a Cingelezi. Pamene a Dutch Reformed anamanga Hofmeyr mu 1914, ndi a White Fathers anamanga Minga mu 1923, m'boma la Petauke limene masiku amenewo linafika ndi ku Nyimba komwe, aphunzitsi a m'midzi anakomana ndi bvuto limene silinathe kufikira lero. Kuchula mau a Cingelezi sikubvuta, pakuti ana abwereza msanga. Koma kumangirira mau ku cinthu cimene mwana sanacione ndi maso ndiyo nchito. Sitima ya pamtunda, doko, nyanja ya mcere: mphunzitsi anajambula ndi coko pa bolodi, ana nabvomera ndi mitu, osadziwa ngati sitima ilingana ndi ngolo kapena ndi phiri. Cotero mbadwo uli wonse wa akulu a maphunziro unayang'ana ku zithunzi zoonetsa pa nsalu ndi ciyembekezo cacikulu.

Cenjezo loyamba linamveka kale, kanema asanapangidwe. Mu Januwale 1854 David Livingstone anaonetsa zithunzi za nyali kwa mfumu Shinte, kumadzulo kwa dziko limene lero liri Zambia. Cithunzi coyamba cinali ca Abrahamu atasamula mpeni pa Isake. Livingstone anafotokoza nkhaniyo, anthu namvera ali cete. Koma posolola galasi kuti aike lina, mpeni uja unaoneka ngati ulikudza kwa iwo, ndipo akazi anathawa ali kupfuula. Shinte yekha anakhala osagwedezeka, napenda makinawo pambuyo pace. Cithunzi ciri ndi kamwa lace, ndipo cikayenda wofotokoza asanakonze mitima ya anthu, cinena zace.

Kanema wophunzitsa anayesedwa ndithu mu 1935. J. Merle Davis wa International Missionary Council, amene anayendera Migodi ya Mkuwa mu 1932, anapeza ndalama ku Carnegie Corporation ya ku New York, ndipo inayambika nchito yochedwa Bantu Educational Kinema Experiment. Nyumba yace inali ku Vugiri, m'mapiri a Usambara ku Tanganyika. Wojambula anali Major L. A. Notcutt, ndipo woyang'anira za maphunziro anali G. C. Latham, yemwe uja anali mkulu wa maphunziro a anthu akuda mu Northern Rhodesia. Pa zaka ziwiri anapanga akanema 35, afupiafupi, onena za msonkho, zikopa, njoka za m'mimba, kukokoloka kwa nthaka ndi kusunga ndalama ku positi. Latham anayenda nawo pa galimoto mamailosi ngati 9,000 mu Tanganyika, Northern Rhodesia, Nyasaland ndi maiko oyandikana, naonetsa anthu ngati 80,000.

Nzeru yao yaikulu inali ya mau. Zithunzi zinali zosalankhula, ndipo mau anaikidwa padera pa mbale za galamafoni, kuti kanema mmodzi amveke m'Ciswahili lero, mawa m'Cibemba, mkuja m'Cinyanja. Inali nzeru yabwino pa pepala. Koma mbale ndi cithunzi ziri ngati ng'ombe ziwiri za goli limodzi, ina ikatsogola munda upotoka; ndiponso mbale siyankha funso, siona kuti anthu sanamve, ndipo kwa mlimi wa m'cigwa ngakhale mbale ya Cinyanja inali kale cinenero ca eni. Mu 1927 Boma linali litasankha Cinyanja, Cibemba, Citonga ndi Cilozi kuti zikhale zinenero za makalasi oyamba. Nchitoyo inatha mu 1937, maboma atakana kuilipira, ndipo mwa akanema 35 aja atatu okha ndiwo atsala, osungidwa ku British Film Institute.

Nkhondo itayamba mu 1939, ku London kunakhazikika Colonial Film Unit, mkulu wace William Sellers. Iyeyu anali ndi malamulo ace: kanema wa anthu akuda ayende pang'onopang'ono, cinthu cimodzi pa nthawi imodzi, makina ojambulira asagwedezeke, ndipo nkhani isalumphe. Cifukwa cimene anapereka cinali cacipongwe, cakuti maso a munthu wosaphunzira sangathe kutsata kanema wamba. Anthu a ku migodi amene anali kutsata akanema a ku America sabata ndi sabata anali umboni wokwanira kuti anaphonya. Komabe malamulowo, akacotsedwa cipongwe cace, ali pafupi ndi zimene munthu ali yense wophunzira cinenero cacilendo afuna, angakhale Mzungu wophunzira Cinsenga. Kanema wao wochuka, Mr English at Home wa 1940, anaonetsa tsiku limodzi la banja la mmisiri wa matabwa ku Mangalande: kudzuka, kusamba, kudya, ana kupita ku sukulu, mai kugula zakudya. Mphunzitsi wa Cingelezi sakadapempha zoposa izi, pakuti muli mau onse a Standard 2. Koma kanemayo anali wosalankhula, ndipo colinga cace cinali kuonetsa makhalidwe a Angelezi, osati cinenero cao.

Mu 1948 kunabadwa Central African Film Unit ku Salisbury, yotumikira Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland. Alan Izod anali mkulu, Stephen Peet ndi Louis Nell anali kujambula, ndipo ocita masewero anali anthu wamba. Mulenga Goes to Town wa 1949, nkhani ya mnyamata wa kumudzi wopusitsidwa ku tauni, anali mmodzi wa oyamba. Magalimoto a Boma anayenda nawo m'maboma, ndi injini yace ya magetsi, nsalu yoyera ndi cokuzira mau.

Pa galimoto yotere munthu wofunika koposa sanali Mzungu wa ku Salisbury, koma womasulira woimirira pambali pa nsalu. Iyeyu anapatsidwa pepala la mau oti anene, koma anadziwa anthu ace: anapatsa ocita masewero maina a kumudzi, anaponya mwambi pamene cithunzi cinacedwa, anafunsa khamu cimene mnyamatayo adzacita, nalilola liyankhe. Akulu a Boma anadandaula kawirikawiri kuti omasulira asiya pepala nanena zao. Dandaulo limeneli lionetsa poyera kuti tanthauzo la kanema linali kupangidwa pa bwalo pomwepo, m'kamwa mwa munthu, osati m'makina. Maina a amuna amenewa sapezeka kwambiri m'mabuku a mbiri, ngakhale iwo ndiwo makolo enieni a mphunzitsi amene lero aonetsa kanema m'kalasi. Magalimotowo anatsata misewu. Mseu waukulu wa kum'mawa, umene uoloka Luangwa pa mlatho, upita pa Nyimba. Koma midzi ya m'cigwa iri kutali ndi mseuwo, ndipo dzinja likafika njira zace zisanduka matope. Citaganya ca maiko atatu citadza mu 1953, akanema ambiri anasanduka olalikira Citaganyaco, anthu nayamba kuwakayika, ndipo bungwelo linatha naco pamodzi mu 1963.

Kanema wolankhula Cingelezi analipo, koma ku migodi, kumene amuna ambiri a kum'mawa anapita kukagwira nchito. Hortense Powdermaker, amene anakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954, analemba m'buku lace Copper Town za makamu oonera akanema a abusa a ng'ombe a ku America pa bwalo usiku. Anamva Cingelezi maora ambiri caka ndi caka. Koma mau anali othamanga ndi a m'mphuno, khamu linali kupfuula, ndipo oyesa akanema anali atadula zigawo zina, kotero kuti nkhani inasowa mutu. Ngwazi ya kanema ali yense anaicha Jack. Anyamata anatengako mayendedwe, cipewa ndi nkhonya. Cingelezi anatengako cocepa. Palibe ciyeso cina m'mbiri yonseyi cimene cinaonetsa bwino comwe kanema acita akasiyidwa yekha.

Ufulu utadza, Boma linasankha mu 1965 kuti Cingelezi cikhale cinenero cophunzitsira kuyambira Grade 1, ndipo lamulo la maphunziro la 1966 linatsimikiza, John Mwanakatwe ali nduna. Katundu anagwa pa aphunzitsi a m'midzi. Wailesi ya kanema inali itayamba ku Kitwe mu 1961, ndipo patapita zaka zowerengeka maphunziro a sukulu anayamba kuulutsidwa pa iyo. Koma inafika m'matauni a m'mbali mwa njanji mokha, kumene ana anali kumva kale Cingelezi m'masitolo. Kum'mawa mphunzitsi anakhala kanema wa iye mwini, kutsegula citseko ndi kucitseka ali kuchula mau, ana makumi asanu nabwereza pamodzi. Zipatso zace anaziyesa Eddie Williams: ana a ku Zambia sanapose a ku Malawi pa kuwerenga Cingelezi, ngakhale a ku Malawi anaphunzira m'Cicewa zaka zinai zoyamba, ndipo pa kuwerenga cinenero ca kwao anatsalira kutali. Kuyambira pamenepo lamulo lakhala likutembenuka: mu 2014 Cinyanja cinakhala cophunzitsira m'makalasi anai oyamba kum'mawa, ndipo dongosolo la 2023 linabwezeranso Cingelezi patsogolo.

Zoyesa zimene zinafika ndithu m'midzi zinabwerera, mwina mosadziwa, kwa womasulira uja. Maphunziro a pa wailesi a Learning at Taonga Market, amene anayamba mu 2000, anali kuleka dala pakati, kuti munthu wa m'mudzi woimirira pamaso pa ana afunse funso, alembe pa bolodi, ayembekeze yankho. Bungwe la Impact Network, limene linayamba ndi sukulu za m'midzi ya ku Katete nifalikira ku Sinda ndi Petauke mu 2017, linapatsa aphunzitsi matabuleti, makina oonetsera ndi magetsi a dzuwa. Koma pamodzi ndi makinawo linatumiza wowayendera sabata iri yonse kukaona maphunzitsidwe ao.

Cimene makina atsopano aonjeza ndico cimene Latham analibe: kanema wa mphindi ziwiri aimitsika, abwezeka, atsekeka mau. Mphunzitsi angathe kumuonetsa poyamba ali cete, ana nanena m'Cinsenga zimene aona; kaciwiri ndi mau a Cingelezi; kacitatu aimitsa pakati, nafunsa mwana mmodzi cimene cidzatsata. Cotsala ndico cakuti akanema ambiri a pa intaneti anajambulidwa ku maiko a kutali, ndi zipinda ndi zakudya zimene mwana wa kwa Luembe ayenera kuyamba wazifotokozeredwa asanafike pa mau. Foni ya m'manja ijambula bwato looloka Luangwa, kapena mai wopeta mapira pa licero, ndipo pa zithunzi zotere mwana adziwa kale zonse kupatula Cingelezi cokha.